Wakutumani ndani?

Sabata yatha ndidalonjeza kuti lero tikamba za mtengo wa chimanga pamsika wa Luchenza, koma mundikhululukire awerengi, chimangacho chiyambe chadikira. Pali kankhani kamene kakhala kakundisowetsa tulo kuyambira mwezi wa Febuluwale, ndipo tsopano kafika poti nkukayala pamphasa.

Kumudzi kumene ndidakwatira, kamtunda ndithu kuchokera pa siteshoni ya sitima ya Luchenza, kuli kamtsinje kamene m'chilimwe ngakhale mwana amangokalumpha. Likafika dzinja kamasanduka chilombo. Tsidya linalo ndiye kuli sukulu, chigayo ndi njira yopita ku esiteti, tsidya lino kuli ife. Namondwe wa Freddy atatikuntha mu Malichi 2023, mitengo imene tinkaolokerapo idapita ndi madzi. Tidadikira, tidadandaula, ndipo patapita nthawi kudabwera galimoto ya mchenga ndi simenti. Adatimangira kamlatho. Tsiku lotsegulira amayi adavina, nthungululu zili wawawa, ine ndemwe ndidaomba m'manja mpaka zikhatho kuwawa.

Mvula yamphamvu yoyamba ya dzinja lapitali, kamlatho kadang'aluka pakati. Yachiwiri, kadakhala pansi ngati ng'ombe yodwala. Simenti yake ukaigwira imangofumbutuka m'manja.

Amene adandidzutsa pankhaniyi ndi alamu anga, mng'ono wawo wa mayi a kunyumba, amene amathyola tiyi pa esiteti ina. Ali ndi mwana wa Sitandade 2. Madzi akadzaza amayamba amubereka kumuolotsa, madziwo ali m'chiuno, kenako nkuthamangira kuntchito chitenje chili chonyowa, ndipo akafika mochedwa amapeza anzawo atadzaza kale madengu. Madzulo ena adandipeza pakhonde nati: "Alamu, inu mudagwirapo ukalaliki, mukudziwa kalankhulidwe ka m'maofesi. Tapitani mukatifunsire, kamlatho aka kadadya ndalama zingati, nanga adamanga ndani? Kapena mukudikira kuti mwana wina apite ndi madzi?"

Ndine mkamwini pamudzipo, ndipo mkamwini amadziwa malire a pakamwa pake. Koma funso limenelo lidandilasa. Lolemba lake ndidavala jekete, ndidapukuta nsapato, ulendo wa ku ofesi.

Ofesi yake sindiitchula, ngakhale thumba limene ndalamazo zidachokera, chifukwa zimene ndidakumana nazo mungazipeze pa ofesi ina iliyonse kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Ndidakhala pabenchi kuyambira 8 koloko mpaka cha m'ma 11. Nditalowa ndidapereka moni mwaulemu, nkufotokoza kuti ndikufuna kuona mapepala a kamlatho ka kwathu. Bambo amene ndidawapeza adasiya kulemba, adandiyang'ana kuchokera ku nsapato mpaka kumutu, nati: "Madala, wakutumani ndani?"

Ndidati palibe wandituma, ndine mmodzi wa anthu oolokera pamenepo.

"Ndinu mtolankhani?"

Ndidati ayi. Ndikudziwa kuti ndimalemba patsamba lino, koma tsiku limenelo sindidapite ndi cholembera cha nyuzipepala, ndidapita ngati nzika.

"Nanga ndinu achipani chiti?"

Titatha mafunso amenewo adandiuza kuti abwana amene angaloleze zotere ali ku msonkhano kunyanja, ndidzayesenso sabata yamawa. Ndidatuluka ndi manja awiri ngati m'mene ndidalowera.

Pobwerera, nditakhala pa kabaza, chimene chimandizungulira m'mutu silidali yankho lawo ayi, koma funso lija. Wakutumani ndani? Funso limeneli ndimalidziwa, ndidakula nalo. Ife amene tidaona nthawi ya chipani chimodzi tikukumbuka kuti munthu sunkalowa mumsika kapena kukwera basi wopanda khadi la chipani, ndipo anyamata a yunifolomu yofiira ankaima pachipata. Nthawi imeneyo munthu wofunsafunsa ankaoneka kuti ali ndi wina kumbuyo kwake, chifukwa zoti mlimi wamba angakhale ndi funso lakelake sizinkaganiziridwa nkomwe. Tinkanong'onezana za nduna zitatu ndi phungu mmodzi amene adafera ku Mwanza mu 1983, koma kunong'onako kunkachitika zitseko zili zotseka, ana atagona. Jack Mapanje, mphunzitsi wa ku Chancellor College, adakhala m'ndende ya Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osaonekera kukhoti. Pamene kalata ya maepiskopi a Chikatolika inkawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, ena adatuluka thukuta pongoimvera, poopa kuti kumva kokhako ndi mlandu.

Pa 14 Juni 1993 tidavotera nyali, zinthu nkusintha. Malamulo oyendetsera dziko amene adabwera mu 1994 adalemba poyera: gawo 35 likupereka ufulu wolankhula zakukhosi, gawo 36 ufulu wa atolankhani, gawo 38 ufulu wosonkhana ndi kuchita zionetsero mwamtendere. Gawo 37 ndiye lokhudza nkhani yanga ya lero. Likuti munthu aliyense ali ndi ufulu wopeza uthenga umene boma likusunga, pa mlingo uliwonse wa boma, malinga uthengawo ukufunika kuti munthuyo agwiritse ntchito ufulu wake. Onani bwino, likuti munthu aliyense. Silikuti mtolankhani, silikuti wotumidwa ndi bungwe, silikuti wa jekete.

Koma gawo limeneli lidakhala ngati khasu lopanda mpini kwa zaka zambiri, chifukwa padalibe lamulo lofotokoza kuti munthu ukafunse kwa yani, udikire masiku angati, ndipo akakukaniza ukadandaule kuti. Atolankhani kudzera ku bungwe la MISA Malawi adalilira lamuloli mpaka mawu kusasa. Nyumba ya Malamulo idalivomereza mu Disembala 2016, Pulezidenti Peter Mutharika adalisainira mu Febuluwale 2017, kenako lidangogonanso m'kabati. Lidayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020, boma la Lazarus Chakwera litalowa. Werengani nokha: kuchokera 1994 kufika 2020 ndi zaka 26. Mwana amene adabadwa pamodzi ndi gawo 37 adali atakwatira kale, mwinanso ali ndi mwana wa kusukulu, pamene lamulo lolithandizira linkayamba kupuma.

Lamuloli, limene m'Chingerezi amalitcha Access to Information Act, si lovuta kumva monga ena amationetsera. Ofesi iliyonse ya boma ikuyenera kukhala ndi munthu amene ntchito yake ndi kulandira mapempho a anthu ofuna uthenga. Ungathe kupempha polemba kalata, ndipo amene sadziwa kulemba angathe kupempha pakamwa. Ofesiyo ili ndi masiku 15 ogwira ntchito kuti iyankhe. Ikakana iyenera kunena chifukwa, ndipo iwe ungathe kukadandaula kwa mkulu wa ofesiyo, zikakanika ku bungwe loona za ufulu wa anthu la Malawi Human Rights Commission, limene lidapatsidwa udindo woyang'anira lamuloli, ndipo pamapeto pake kukhoti. Zilipo zimene sangakupatse, ndipo n'zomveka: za matenda a munthu wina, za chitetezo cha dziko, za mlandu umene apolisi akadafufuza. Koma mtengo wa kamlatho ka simenti si chinsinsi cha asilikali.

Nditafika kunyumba ndidang'amba pepala m'kope la mdzukulu, nkulemba kalata ziwiri zofanana. Ndidatchula dzina langa, mudzi, kamlatho, ndi zinthu zitatu zimene ndinkafuna: ndalama zimene zidaperekedwa, dzina la amene adapatsidwa ntchito, ndi pepala losonyeza amene adavomereza kuti ntchitoyo yatha bwino. Pansi ndidatchula gawo 37 ndi lamulo lija. Nditapita nazo ndidapempha kuti andidindire chidindo cha tsiku pa kalata yanga yotsala nayo. Apa ndikulangizeni anzanga: musadzasiye kalata pa ofesi wopanda chidindo pa kope lanu. Kalata yopanda chidindo imamera miyendo.

Masiku 15 adakwana, kuli zii. Ndidapitanso, kope langa lili m'thumba la jekete. Ulendo uno ndidapeza mtsikana wina, wamsinkhu wa mwana wanga wachiwiri, ndipo ndiyenera kunena chilungamo, adandilandira bwino. Adawerenga kalatayo kawiri, nati: "Bambo, chiyambireni ntchito pano, kalata ya mtundu uwu ndi yoyamba kuiona." Adandipempha kuti ndimupatse masiku atatu. Nditabwerera Lachisanu ndidapeza envelopu ikundidikira, muli mapepala anayi. Ndidangolipira ndalama yojambulitsira mapepalawo.

Ndidakhala pansi pa mtengo kunja kwa ofesiyo nkuyamba kuwerenga, mtima uli dyokodyoko, ndikuganiza kuti lero ndagwira mbava. Pepala loyamba lidali la ndalama, ndipo zidali zochuluka kuposa zimene tinkaganiza kumudzi. Lachiwiri lidali ndi dzina la kontilakitala ndi mndandanda wa zipangizo, matumba a simenti, zitsulo, miyala, chilichonse ndi nambala yake. Lachitatu ndi limene lidandifooketsa mawondo. Lidali pepala lovomereza kuti ntchito yatha ndipo yagwiridwa bwino, ndipo pansi pake, pambali pa siginecha ya anthu a ku ofesi, padali mayina atatu a anthu a komiti ya chitukuko ya m'mudzi mwathu momwe. Mmodzi ndimapemphera naye, wina ndi wachibale wa mayi a kunyumba.

Lachinayi lidali mndandanda wa anthu amene adafika pa msonkhano wa m'mudzi pamene nkhani ya kamlathoka inkakambidwa ntchito isadayambe. Mudzi wonse uja, mayina adalipo 11. Ndidayendetsa chala kuchokera pamwamba mpaka pansi, ngakhale ndinkadziwa kale kuti langa mulibe. Tsikulo ndikulikumbuka. Mfumu idatumiza mnyamata kudzamema anthu, ine nkufunsa ngati kuli kangachepe. Atati kulibe, ndidauza mayi a kunyumba kuti mukandimverere, ine nkupita kukaonera mpira pa Luchenza. Iwonso sadapite, adali kudimba. Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa, koma kwathu ngakhale kandimverereyo sadafike nkomwe.

Ndidapita kukacheza ndi mmodzi wa osaina aja, osati mwaukali, chifukwa munthu amene sadapite ku msonkhano alibe mphamvu zokalipira amene adapita. Adandiuza mosabisa. Pepalalo lidabwera m'Chingerezi, adauzidwa kuti sainani apa kuti anyamata amene agwira ntchito alandire malipiro awo, kamlatho kadali kataima bwinobwino, kopaka laimu, ndiye akadakana pa chifukwa chanji? Nditawawerengera nambala ya matumba a simenti imene idalembedwa pa pepala lachiwiri lija, adagwira pakamwa. "Achimwene, tikadadziwa nambala imeneyo bwenzi tikuwerenga matumba pamene ankatsitsa. Simenti ija inkagona m'nyumba mwanga."

Mawu amenewo ndi amene andipangitsa kulemba nkhaniyi. Ine mapepala ndawapeza, inde, koma ndawapeza kamlatho katagwa kale. Pepala lomwelo likadakhomedwa pa mtengo wa mango pafupi ndi mtsinje tsiku limene galimoto yoyamba inkafika, lolembedwa m'Chichewa, ndalama zakuti, womanga wakuti, matumba akuti, bwenzi mudzi wonse uli woyang'anira ntchito popanda kulipidwa. Ana asukulu okha akadawerenga matumbawo ngati masamu.

Zaka zimene ndidali kalaliki pa esiteti ina ya tiyi, ntchito yanga idali yoyeza masamba. Wothyola ankabwera ndi katundu wake, nkukoleka pa sikelo, ine nkulemba makilogalamu m'buku. Sikelo ikayang'ana kwa ine ndekha, ngakhale ndilembe zoona zokhazokha, anthu ankachoka akung'ung'udza kuti ndawadula. Ndikaitembenuza kuti aliyense aone pamene muvi waima, phokoso linkatha, ndipo ine ndinkagona tulo. Nchifukwa chake ndimadabwa ndi ogwira ntchito m'boma amene amaona lamuloli ngati mdani. Ndikudziwa kuti ambiri si akuba. Ena amaopa abwana awo, ena adalumbira za kusunga chinsinsi pansi pa lamulo lakalekale la nthawi ya atsamunda ndipo palibe adawauza kuti zinthu zidasintha, ena alibe ngakhale inki yosindikizira. Koma kubisa kumachititsa kuti wolungama ndi wakuba azioneka nkhope imodzi. Pano kumudzi kwathu aliyense wa ku ofesi ija akutchedwa mbava, kuphatikizapo mtsikana uja adandithandiza.

Ndipo ndalama zimene zikubwera m'madera masiku ano si zamasewera. Thumba la chitukuko cha m'dera la CDF lidafika pa K100 miliyoni pa dera la phungu aliyense mu 2022, nkudzafika pa K200 miliyoni mu 2024. Tidaona ndi maso athu mu 2021 pamene lipoti la kafukufuku wa K6.2 biliyoni ya Covid-19 lidatulutsidwa poyera, m'mene ndalama zothandizira odwala zidathera m'maalawansi. Tidadziwa chifukwa lipotilo lidatuluka. Nanga timilatho, mijigo ndi midadada ya sukulu imene malipoti ake sawerengedwa pa wailesi, adzaiwerengera ndani ngati si ife oolokerapo?

Za misonkhano ndiye tili ndi mlandu tonse. Lamulo la maboma aang'ono la 1998, lija lidabwera ndi nyimbo ya mphamvu ku anthu, limati misonkhano ya khonsolo ikhale yotsegukira anthu ndi atolankhani, kupatula pakakhala chifukwa chapadera. Ife a kuno tili ndi mwayi woti Luchenza, ngakhale ndi tauni yaing'ono, ili ndi khonsolo yakeyake, ndipo makhonsolo a Thyolo ndi Mulanje sali kutali. Koma ndifunse, ndani mwa inu awerengi adakhalapo kumbuyo m'chipinda chimene makhansala akukambirana bajeti, kungokhala phee nkumamvera? Ine ndafika msinkhu uno ndisadayeseko. Mwina tidazolowera, popeza kuyambira 2005 mpaka 2014 dziko lino lidakhala lopanda makhansala, zaka zisanu ndi zinayi zathunthu, ndipo tidaiwala kuti mpando wa mlendo m'chipindamo ndi wathu. Mu Okutobala timadzaza malole kupita pa Chonde kukavina tchopa ku Mulhako wa Alhomwe, ndipo ndi bwino kutero, inenso sindiphonya. Koma msonkhano wokamba za ndalama zathu umapeza anthu 11.

Sindikuti vuto ndi ulesi wokha. Misonkhano yambiri imachitika m'mawa pakati pa sabata, nthawi imene wothyola tiyi ali m'munda, wogulitsa tomato ali pa benchi lake, wa kabaza ali pamsewu wa ku Mulanje. Kwa munthu wolipidwa pa tsiku, kupita ku msonkhano ndi kugula ufulu wake ndi ndiwo za madzulo. Kuonjezera apo mapepala amakhala m'Chingerezi, m'dera limene anthu amalankhula Chichewa ndi Chilomwe, ndipo tsiku la msonkhano ambiri amalimva utapita kale. Chitseko chikhoza kukhala chotsegula malinga ndi lamulo, koma ngati palibe wakuuza tsiku ndi ola, chili ngati chotseka ndithu. Kulengeza m'matchalitchi, m'mizikiti ndi pamsika, monga timachitira ndi katemera wa ana, sikufuna bajeti.

Palinso mantha, ndipo awa ndi enieni. Kamlatho katagwa, mnyamata wina wa m'mudzimo adajambula chithunzi nkuchiponya pa gulu la WhatsApp la kwathu, nalemba kuti ndalama zathu izi. Pasadathe ola limodzi amalume ake adamuimbira foni kuti fufuta msanga, akumanga. Adafufuta. Sindingawaseke amalumewo. N'zoona kuti kumapeto kwa 2022 aphungu adachotsa m'malamulo mlandu wogalukira boma ndi mawu, ndi uja wonyoza Pulezidenti, ndipo mu Julaye 2025 khoti lidagamula kuti gawo 200 la malamulo a milandu, limene linkalola kumanga munthu chifukwa choipitsa mbiri ya mnzake, likutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko. Koma lamulo la za pa intaneti la 2016 likadalipo, ndipo anthu akhala akugona m'chitokosi chifukwa cha zimene adalemba pa foni. Mu Epulo 2022 apolisi adatsekera mtolankhani Gregory Gondwe nkumulanda foni ndi kompyuta pofuna kudziwa amene adamupatsa chikalata cha nkhani imene adalemba. Ngati zimenezi zikuchitikira munthu wodziwika mpaka kunja, mnyamata wa kumudzi aganiza bwanji?

Chimene ndidamuuza mnyamatayo ndi ichi: chithunzi cha kamlatho kogwa si bodza, ndipo kufunsa kumene ndalama zidapita si kutukwana. Chimene chimaika anthu m'mavuto kawirikawiri ndi kutchula munthu kuti wakuba ulibe pepala m'manja. Apa ndi pamene ufulu wolankhula ndi ufulu wopeza uthenga zimagwirana dzanja. Wopanda pepala amalankhula mphekesera, ndipo mphekesera ndi yosavuta kuiopseza. Ine pano ndikhoza kuima pa bwalo la mfumu nkuwerenga nambala ya matumba mokweza, ndipo palibe angandinene kuti ndapeka, chifukwa pepalalo lili ndi chidindo chawo chomwe.

Tidatero Lamulungu lapitali. Mfumu idaitana anthu, ndipo ulendo uno adafika ochuluka moti ena adakhala padzuwa. Ndidawerenga mapepala onse anayi m'Chichewa, osasiya lachinayi lija, ndipo nditanena kuti dzina langa mulibe anthu adaseka, kenako kudati zii, aliyense akukumbukira kumene adali tsikulo. Sitidagwirizane zonse. Ena akufuna kuti komiti ichotsedwe, ena akuti komiti idapusitsidwa, ndipo mkulu wina adaima nkunena kuti tikayamba kuvutitsa anthu a ku ofesi sadzatipatsanso chitukuko china. Mawu amenewo adavomerezedwa ndi anthu ambiri kuposa m'mene ndinkayembekezera, ndipo sindidawayankhe mokwanira, chifukwa sindingalonjeze kuti sizingachitike.

Chimene tidagwirizana ndi choti Lachinayi likubwerali, pamene kuli msonkhano wa chitukuko wa dera lonse, tipita anthu asanu ndi mafunso awiri okha: kodi kontilakitala adalipidwa ndalama zonse kapena zina zidatsala zoti akonzere zowonongeka, nanga kamlathoka kamangidwanso mvula isadayambe? Alamu anga aja ati apita nawo. Akudziwa kuti tsikulo dengu lawo likhala lopanda kanthu ndipo malipiro ake sadzawaona. Dzulo adabwera kudzandifunsa kuti akawafunsa kuti wakutumani ndani akayankhe chiyani. Ndawauza kuti akanene zoona, akatchule dzina la mwana wawo wa Sitandade 2 uja.

Za chimanga tidzakamba sabata yamawa, ndikabwerako.